Khonde la Gologolo ndi Mimba ya Finye

Padangokhala. Ayi, muziyankha kuti tili tonse, musangondiyang'ana ngati ndadzapempha mchere. Padangokhala Gologolo, ndipo Gologoloyo anali mkamwini.

Amene simunalaweko chikamwini khalani chete, tikambe ife eni ake. Gologolo anabadwira pansi, m'mudzi wa nyama zing'onozing'ono, koma anakakwatira Nangozo wa kwa a Changa, anthu okhala m'mwamba m'mitengo. Anakhala kumeneko zaka zitatu. Kutunga madzi iye, kulima munda wa apongozi iye, ndipo akangoti akumane ndi apongozi akazi panthambi, mwambo unkamuthamangitsira kuseri kwa tsinde. Tsiku limodzi ankazungulira mtengo kakhumi. Akatopa ankadziuza yekha kuti, "Iwe Gologolo, nzeru zonse zija zathera pozungulira mtengo."

Chaka chachinayi analimba mtima, n'kukagwada kwa a Changa aakulu, malume a mkazi wake, amene anali mwini mbumba.

"Malume, ndadzapempha chitengwa. Ndikufuna nditenge mkazi wanga tikakhale kwathu."

A Changa anamuyang'ana ndi maso awo osaphethira aja.

"Kwanuko nyumba ilipo?"

"Malo alipo. Nyumba ndimanga."

"Kamangeni. Koma ife tikamadzaona mwana wathu timabwera tonse, khumi ndi awiri. Khonde lake likhale lotikwana, mawondo osagundana. Likakwana, mkazi mutenge. Likapanda kukwana, nkhani ya chitengwa isadzamvekenso pano."

Gologolo anawomba m'manja, n'kutsika mtengo akuimba mluzu. Atafika pamalo amene malemu amayi ake anamusiyira, mluzuwo unauma pakamwa. Anayeza ndi mapazi, anayezanso ndi mchira. Khonde limene likanalowa pamenepo linali la anthu asanu ndi atatu, owonda. Kuti likwane khumi ndi awiri linayenera kutambasukira kwa mnansi wake, Mayi Kanungu, mayi wamasiye wamanyazi amene ukamupatsa moni ankayankha atabisa nkhope.

Tsono mudziwo unali ndi lamulo lake. Pakati pa nyumba ndi nyumba pankasiyidwa mpata, kuti madzi a padenga lako agwere pansi osati pakhoma la mnzako, ndiponso kuti moto ukabuka usalumphe. Woyeza mpatawo anali Finye, chule uja amene akakwiya amafufuma ngati mandasi m'mafuta. Chingwe sankachidziwa, ndodo sankaifuna. Muyeso unali mimba ya Finye atakwiya.

Ankabwera katatu, pa maziko, pa khoma ndi pa denga. Akaima polowera mpata, mnansi wa womangayo ankayenera kumunyoza, kamodzi kokha, kuti afufume. Akatero ankalowa. Akadutsa osakhudza uku kapena uku, ankaviika phazi m'matope n'kudinda panyumbayo, ndipo chilolezo chinali chimenecho. Akakhudza, gwetsa. Mukuseka? Malamulo athu ena amaposa apa, kungoti tinawazolowera.

Finye akamadutsa ankamuimbira nyimbo. Inali yaifupi. Wotsogolera ankafunsa ngati mimba ikwana, gulu n'kuyankha kuti mpata ndiwo unene, manja akuwombedwa kawirikawiri, kubwereza mpaka Finye atatulukira mbali ina.

Gologolo anakhala pachitsa n'kuganiza. Kenako anamenya ntchafu.

"Mpata sindingaukulitse," anatero. "Koma Finye ndingamuchepetse."

Anakumba maziko ataba theka la mpata. Ali mkati mokumba, Nangozo anatsika mumtengo kudzamupatsira chakudya. Anayang'ana ngalande, n'kuyang'ana nyumba ya Mayi Kanungu.

"Bambo, simunayandikire kwambiri?"

"Diso likukunamizani."

"Mangani la asanu ndi atatu. Otsalawo adzakhala pamphasa pabwalo. Ine ndikawapempha malume, sandikanira ayi."

"Kuti akanene kuti mkamwini anapemphedwera ndi mkazi? Za zomanga zisiyireni ine."

Nangozo anatola mbale zake n'kukwera.

Kutatsala tsiku limodzi kuti Finye abwere, Gologolo anakaima pakhomo la Mayi Kanungu.

"Odi, aneba."

"Odini," anayankha mawu kuseri kwa chitseko.

"Mawa ndi tsiku lanu lonyoza a Finye. Ndangoti ndidzakupepeseni, ntchito yake njolemera."

"Ndi mwambo, bambo."

"Mwambo ndithu. Kungoti ine ndikakumbukira maliro a malemu bambo a kuno, mtima umandipweteka. Ndani anakumba manda mvula ili pamsana, ife tonse titathawira m'makonde? Si a Finye? Koma musaganize zimenezo. Mwambo ndi mwambo. Anyozeni basi."

Gologolo anatsanzika n'kubwerera ku maziko ake.

M'mawa mudzi unasonkhana. Finye anaima polowera mpata, n'kukonza kukhosi.

"Tiyeni amayi, ndikudikira."

Mayi Kanungu anayang'ana pansi. Kenako anati, ndi mawu ngati a udzudzu, "A Finye, mapazi anu ali ndi fumbi."

Finye anayang'ana mapazi ake. "Zoonadi," anatero, n'kuwapukuta. Anayesa kukwiya, koma fumbi ungakwiye nalo bwanji? Analowa mu mpata ali bwinobwino ngati munthu wopita kutchalitchi. Nyimbo inayamba, wotsogolera akufunsa, gulu likuyankha, ndipo isanabwerezedwe kachitatu Finye anali atatuluka. Anaviika phazi m'matope, pha pamwala wa maziko.

Gologolo anasisita mutu wake mwachikondi. "Zaka zitatu kusenzera mtsuko mutu umenewu," anatero. "Kuwononga chuma."

Khoma linakwera. Linakwera mothamanga, dothi la lero pamwamba pa dothi la dzulo lisanaume, chifukwa Gologolo ankawerenga masiku. Tsiku lina Mayi Kanungu anatsegula zenera lawo n'kupeza kuti kunja kwake ndi matope. Anatuluka n'kupita kwa Gologolo.

"Aneba, khoma lanu latseka zenera langa. M'nyumba mwanga masana muli mdima."

"Chidindo cha a Finye chili apo, amayi. Ine ndine ndani kuti nditsutsane ndi lamulo?"

Mayiwo anabwerera m'nyumba atatsimikiza mtima kuti ulendo uno anyoza ndithu. Poti chipongwe sanachiphunzire kuubwana, anayamba kuchiyeserera posinja. Musi ukagunda, chipongwe chimodzi. Musi ukagunda, china. Koma makoma aja anali atayandikana kwambiri, moti Gologolo pomata dothi mbali yake ankamva mawu onse ngati akuuzidwa iye.

Anatenga chipanda cha thobwa n'kupita kwa Finye.

"Akulu, ndabwera mundiweruzire. Kumsika akundinena. Akuti khosi ndilibe, mutu unangomera pamimba."

Finye anaseka. "Iwe? Zimenezo zikanakoma akananena ine."

"Akutinso pakamwa panga ndi lichero."

Finye anatsamwa ndi thobwa.

"Ndiye akuti ndikamayenda ndimakhala ngati mbatata yomera miyendo."

Apo Finye anagwa chagada. Anamuuza abwereze ya mbatatayo, anabwereza. Anamuuza abwerezenso. Pofika pomaliza chipanda, Finye anali atazimva zonse kakhumi, misozi ili mbwembwembwe ndi kuseka. Akuluakulu anati tsabola wakale sawawa.

Tsiku loyeza khoma, Mayi Kanungu anabwera minga itaima. Anatseka maso n'kutulutsa zonse zitatu mpweya umodzi, khosi, lichero ndi mbatata.

Finye anaphulika ndi kuseka. "Ya mbatata ija! Amayi, nanunso munaimva?"

Kuseka kumaphwetsa Finye. Analowa mu mpata ali wowonda kuposa ulendo woyamba. Nyimbo inaimbidwa, koma manja sanawombedwe mwamphamvu, chifukwa ena anali ataona ndi maso awo kuti mpatawo ndi wa nyerere. Koma chidindo ndi chidindo, ndipo chachiwiri chinamatidwa pakhoma. Mayi Kanungu anadzipinda pomwepo ndi manyazi n'kusanduka mpira, moti amayi anzawo anachita kuwagubuduza kuwapititsa kwawo.

Ndisaname, Gologolo anamva kachisoni. Koma atakumbukira tsinde la mtengo wa apongozi, kachisoniko kanatha.

Denga linafoleredwa, ndipo udzu wake unalendewera mpaka kupitirira mpata. Mvula yoyamba itagwa, madzi onse a padenga la Gologolo anakhuthukira pakhoma la Mayi Kanungu. Khomalo analimanga malemu amuna awo ndi dothi la pachulu, ndipo ndi chinthu chokhacho chimene anawasiyira. Mayiwo anaima pamvula n'kumaona madzi akulinyambita.

Gologolo anatsamiza khutu pakhoma tsiku loyamba. Musi unkagunda, mawu kunalibe. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu anachita mantha.

"Munthu wosinja mwakachetechete ngoopsa," anadziuza. "Uyu zimene anene mawa zichokera mumtima, ndipo Finye afufuma ngati dzungu."

Anathamangira kwa a Nkhululu, banja limene linkatsogolera nyimbo.

"Anzanga, a Finye akudandaula. Akuti nyimbo mumaiyamba mochedwa, iwo amaima padzuwa ngati olakwa. Mawa akangoima muiyambe, ndipo mukweze mawu. Tsiku la phwando la nyumba yanga malo anu adzakhala kutsogolo."

A Nkhululu kuwauza kuti akweze mawu n'chimodzimodzi kuuza mbuzi kuti idye chimanga.

M'mawa Finye anaima pamalo pake. Mayi Kanungu anafika maso ali psuu, osabisa nkhope, ndipo anthu anadabwa kuona kuti kani nkhope yawo ili chonchi. Anatsegula pakamwa. Nthawi yomweyo a Nkhululu anaibutsa nyimbo, funso ndi yankho pamodzi, ana awo akuwomba m'manja ngati akuthamangitsa dzombe. Milomo ya Mayi Kanungu inayenda, misozi inatsika, koma palibe amene anamva liwu ngakhale limodzi.

"Mwati chiyani, amayi?" anafunsa Finye, dzanja lili kukhutu.

"Kamodzi kokha, akulu," anatero Gologolo mwaulemu. "Mwambo."

Finye anagwedeza mutu, n'kulowa ali wophwa, n'kutuluka. Chidindo chachitatu chinamatidwa pamzati wa khonde. Gologolo anatumiza uthenga kumtengo kuti nyumba yatha, a Changa abwere adzaone.

Anabwera onse khumi ndi awiri, masana dzuwa lili pamutu. Nangozo anali pambuyo atasenza mtolo wa miphika ndi mphasa, chifukwa ankadziwa kuti lero sabwerera. Anakhala pakhonde mondondozana kuyambira malume mpaka womaliza, ndipo malumewo anaweramira uku, anaweramira uko. Mawondo sanagundane. Apongozi akazi anakhala kumapeto atatembenukira kwina, monga mwa mwambo, koma ngakhale msana wawo unkaoneka wokhutira.

"Tidye kaye," anatero malume. "Mawu a chitengwa ndinena tikasamba m'manja."

Tsono imvani, abale anga. Chimene chinatsala kwa Gologolo chinali kutafuna ndi kumeza. Kukhala chete nthawi yodya mbale imodzi, basi. Koma apa ndi pamene timafera ife ochenjera. Nzeru yopanda woiyamikira imatiyabwa kuposa chitedze.

Mowa utazungulira kawiri, mlamu wake wina anafunsa, "Alamu, malo ochepa chonchi, khonde lotere mwalitulutsa bwanji?"

Gologolo anamva mawu mumtima akumuuza kuti anene kuti ndi mwayi chabe. Anawamva bwinobwino. Koma anthu amenewa anali atamuona zaka zitatu akusenza mtsuko.

"Sunthirani kuno, alamu," anatero. "Nkhani yake njaitali."

Anaiwala chinthu chimodzi. Khoma limene linkamubweretsera mawu a Mayi Kanungu linkapititsanso ake. Mayiwo anamva nkhaniyo ikuyamba, n'kutuluka kukaima pakhomo pawo. Nthawi yomweyo Finye, amene anaitanidwa kuphwando ngati mlendo wolemekezeka, ankabwera pang'onopang'ono, khungu litauma ndi dzuwa.

"A Finye, dzuwa lakupwetekani," anatero Mayi Kanungu. "Pumulani kaye mu mpatamu. Muli mthunzi wabwino, denga la aneba limaphimba monse."

"Mulungu akudalitseni, amayi," anatero Finye. Analowa mpaka pakati n'kukhala pansi.

Kuseri kwa khoma Gologolo anali atafika pa nkhani ya maliro, akuyerekeza mawu a udzudzu ndi mapazi a fumbi. Alamu anaseka. Finye anatupa pang'ono, mapewa n'kukhudza makoma.

Gologolo anafika pa thobwa. "Ndinamudyetsa zipongwe zakezake ndi chipanda chimodzi. Iye kugubuduka ndi kuseka, osadziwa kuti mbatata yomera miyendoyo ndi iye."

Finye anatupa kawiri. Dothi linayamba kuyoyoka.

"Koma woyeza wanuyo sanaone kuti mpata wachepa?" anafunsa malume, amene okha sankaseka.

"Aone ndi chiyani, malume? Uja ndi thumba la mphepo. Ine ndimati mudzi uno ungotenga ndodo. Ndodo imaposa Finye, chifukwa ndodo siimwa thobwa."

Chakudza sichiimba ng'oma. Mkwiyo wa miyeso itatu, umene unabedwa pa maziko, pa khoma ndi pa denga, unabwera wonse nthawi imodzi. Finye anafufuma. Mbali ina kunali khoma la dothi la pachulu louma ndi dzuwa la zaka zambiri, ndipo silinagwedezeke. Mbali inayo kunali khoma la Gologolo, lomangidwa mothamanga, mkati mukali chinyontho. Linang'aluka kuchokera pansi, linapendekeka, n'kugwera pakhonde. Mtanda unatsetsereka, mzati unagwada, ndipo denga lonse linakhala pansi, khuu, pamwamba pa a Changa khumi ndi awiri.

Fumbi litachepa, mu udzu munayamba kutuluka maso, awiriawiri. Palibe amene anavulala, kupatula miphika iwiri ya Nangozo.

Finye anaima pamenepo ali wozungulira ngati dzungu. Anabwerera polowera mpata, n'kuyenda pang'onopang'ono mu mpata watsopanowo, ali chifufumire, osakhudza uku kapena uku. A Nkhululu, amene anali kutsogolo monga analonjezedwa, anaiyamba nyimbo mwachizolowezi. Koma ulendo uno wotsogolera anachotsa mimba ya Finye n'kuikapo pakamwa pa Gologolo, kufunsa ngati pakwana, ndipo mudzi wonse unayankha ndi manja amene sanamvekepo chiyambire. Finye atatuluka anafufuza m'zibuma mpaka anapeza zidindo zake zitatu, n'kuzifafaniza chimodzichimodzi.

Malume anatuluka mu udzu, n'kusasa m'mapewa, n'kuchotsa kaudzu kukhutu.

"Mkamwini," anatero, "mawondo agundana."

Gologolo asanatsegule pakamwa, malume anapitiriza.

"Munda wa apongozi anu wamera thengo. Mawa m'mamawa."

A Changa ananyamuka mondondozana. Nangozo anatsalira, akutola miphika yotsala n'kumanganso mtolo wake. Sankalira, ndipo zimenezo zinamupweteka Gologolo kuposa kulira.

"Ndinabwera ndi mphasa yanga, bambo," anatero. "Ine ndimafuna kukhala kwanu. Khonde sindinalipemphe. Asanu ndi atatu anali okwana."

Anamutwika mtolowo pamutu, ndipo Gologolo anausenza.

Akudutsa pakhomo la Mayi Kanungu anapeza zenera lili lotsegula, mayiwo atatsamira pamenepo, dzuwa likuwawomba kumaso. Gologolo anaima. Panali chinthu chimene chinkamuvuta mumtima.

"Amayi, ndakulakwirani, ndipo ndalandira zanga. Koma ndiuzeni chimodzi. Tsiku la denga lija munati chiyani kwa a Finye?"

Mayi Kanungu anamuyang'ana m'maso.

"Kamodzi kokha, aneba," anatero. "Mwambo."

Gologolo anakwera mtengo ndi miphika ya mkazi wake pamutu, ndipo mpaka lero sanatsike kukamanga pansi. Mukamuona akuthawira kuseri kwa tsinde musaganize kuti akuopa inu, ndi apongozi akubwera panthambi. Mukamumva akulongolola yekha m'mwamba, mchira ataphimba nawo mutu, sakutukwana munthu. Akudziwerengera kuti, asanu ndi atatu, Gologolo, asanu ndi atatu anali okwana.

Nthano yanga yagwera pomwe linagwera denga. Amene anaika mbatata pamoto akaone, yanga inapserera kalekale. Ndipo musandiyang'ane choncho. Bafa limene ndinamanga kumalire lija lili pamalo anga ndithu, funsani aliyense kupatula aneba.